Nyundo isanagunde mzati, funso ndi limodzi: wasenza chiyani?

Lolemba pa 11 Disembala 2023, cha m'ma 3:30 masana, ngodya ya nyumba ya nsanjika 7 idagumuka kuchokera kudenga mpaka pansi m'dera la Morris Heights ku Bronx, mumzinda wa New York ku America. Zipinda zogona zidatsala pamtetete, mabedi ndi zovala zikuonekera kwa odutsa mumsewu. Ozimitsa moto adafukula mulu wa njerwa mpaka usiku, koma mwamwayi sadapezemo munthu. Awiri okha ndiwo adavulala pang'ono pothawa, ngakhale anthu oposa 100 adasowa pogona usiku umenewo ndi masiku ambiri otsatira.

Sabata isanathe, akuluakulu a mzindawo adaulula gwero la ngoziyo. Nyumbayo, yomwe idamangidwa mu 1927, inkakonzedwa makoma akunja. Injiniya yemwe adalemba mapulani a ntchitoyo adasonyeza kuti mzati wa njerwa womwe udali pangodya, pansi penipeni, udali wongokongoletsa. Amisiri adakhulupirira pepala, nayamba kugumula njerwa zake osaika zochirikiza. Chikhalirecho mzatiwo ndiwo udasenza ngodya yonse ya nsanjika zapamwamba pake. Mu Febuluwale 2024, injiniyayo adavomera kulipira chindapusa cha madola 10,000 a ku America komanso kuimitsidwa kwa zaka ziwiri pantchito yoyendera makoma a nyumba mumzindamo.

Cholakwacho n'chachifupi pochitchula: mzati wosenza katundu udayesedwa wachabe. Komatu cholakwa chomwechi chagwetsa nyumba m'maiko osiyanasiyana m'zaka zaposachedwa, ndipo chimayambira pa funso lomwe mwini nyumba yosanjikizana aliyense amakumana nalo tsiku lina akafuna malo owonjezera. Pansi pa masitepe okwerera m'mwamba pali mzati womwe ukutchinga. Utachoka, pangalowe kabati, kachimbudzi, mwinanso kashopu kobweretsa lendi. Kodi mzatiwo ukugwira ntchito, kapena wangoima? Zomwe zidachitika ku Bronx ndi kwina zikuonetsa kuti maso okha sangayankhe funsoli, ndipo ngakhale siginecha ya katswiri siikwanira ngati kumbuyo kwake kulibe umboni.

Si Bronx yokha

Miyezi 6 ngozi ya ku Bronx isanachitike, pa 28 Meyi 2023, mbali ya nyumba ya nsanjika 6 idagwa mumzinda wa Davenport, m'chigawo cha Iowa ku America komweko. Amuna atatu adafera pomwepo, ndipo mayi wina adadulidwa mwendo kuti apulumutsidwe pansi pa zigumukire. Akatswiri omwe khonsolo ya mzindawo idawatuma kuti afufuze adapeza kuti m'masiku atatu omaliza amisiri adachotsa mizere ingapo ya njerwa pakhoma la kumadzulo, ndipo zochirikiza zomwe adaika zidali zochepa kwambiri poyerekeza ndi kulemera kwa nyumbayo. Lipoti lawo lidati mainjiniya ndi amisiri omwe adagwirapo ntchito ankaliyesa khomalo chophimba chakunja chabe, pomwe lidali losenza nsanjika zonse.

Ku China nkhani yotereyi yachitika kangapo. Pa 12 Julaye 2021, gawo la hotela ina lidagwa mumzinda wa Suzhou ndi kupha anthu 17. Ofufuza a boma adapeza kuti okonza hotelayo adagwetsa makoma osenza katundu a nsanjika ya pansi popanda kulimbitsa china chilichonse. Kumapeto kwa Epulo 2023, mumzinda wa Harbin, wochita lendi pansanjika yachitatu ya nyumba ya nsanjika 31 adagumulitsa makoma pofuna kukuza malo a bizinesi yake. Ming'alu idakwera mpaka nsanjika zam'mwamba, ndipo mabanja oposa 200 adasamutsidwa chifukwa cha chiganizo cha munthu mmodzi.

Pali chinthu chimodzi chofanana pa ngozi zonsezi. Sipadachite chivomerezi, mphepo yamkuntho kapena kusefukira kwa madzi. Nyumbazi zidali zitaima zaka zambiri, zina pafupifupi zaka 100 kapena kuposa, ndipo zidawonongeka tsiku lomwe anthu adafika ndi nyundo n'cholinga chozikonza. Pomanga nyumba yatsopano, mmisiri amadziwa chomwe waika ndi chifukwa chake. Pokonza yakale, amakhala akusintha ntchito ya munthu wina yemwe mwina adamwalira kalekale, maganizo ake atabisika mkati mwa pulasitala.

Katundu ali ndi njira yake

M'nyumba yakumudzi yozungulira, ngakhale mwana amadziwa ntchito ya mtengo uliwonse. Mzati wapakati umasenza nsonga ya denga, phaso limatsamira pa mzati ndi pachipupa, nsanamira zimagwira khonde. Palibe chobisika, ndipo palibe wanzeru amene angazule mzati kuti apeze poyala mphasa. Nyumba yamakono imayendera lamulo lomwelo, kungoti mafupa ake adakutidwa ndi pulasitala, siling'i, penti ndi matailosi.

Lamulolo ndi lakuti kulemera kulikonse kumafuna njira yofikira pansi. Denga limatula katundu wake pa mitanda, mitanda imatula pa makoma kapena mizati, mizati imatula pa maziko, maziko n'kutula panthaka. Njirayi ikaduka pamalo amodzi, katundu sasowa ayi. Amasamukira pa china chomwe chili pafupi, kaya chidakonzedwera ntchitoyo kapena ayi.

Pamasitepe njirayi imakhala yovuta kuposa pena paliponse m'nyumba, ndipo zifukwa zake ndi zitatu. Choyamba n'chakuti masitepe amafuna chiboo pansanjika yam'mwamba kuti munthu atulukirepo. M'nyumba yomwe pansi pa nsanjika yam'mwamba ndi pa matabwa, mitanda ing'onoing'ono yomwe ikadafika kukhoma imadulidwa pachiboopo, ndipo nsonga zake zimakolekedwa pa mtanda wina wopingasa. Mtanda wopingasawo nawo umafuna potsamira. Nthawi zambiri potsamira pake ndi mzati womwe uja wooneka ngati wa masitepe. Choncho mzati wa pansi pa masitepe utha kukhala utasenza masitepewo pamodzi ndi gawo la chipinda cham'mwamba, bedi, kabati ndi khoma logawa zipinda lomwe lidamangidwa pamenepo.

Chachiwiri ndi kakhotedwe. Masitepe owongoka omwe ali pakati pa makoma awiri olimba kawirikawiri amatsamira pansi ndi pamwamba pokha. Koma masitepe okhota amakhala ndi malo athyathyathya opumirapo, omwe amisiri amangoti landing. Malo amenewa ali ndi ngodya zinayi, ndipo iliyonse imafuna chogwira. Ziwiri kapena zitatu zitha kulowa m'khoma, koma ngodya yamkati, pomwe masitepe apansi ndi am'mwamba amakumana, nthawi zambiri ilibe china choigwira kupatula mzati.

Chachitatu ndi kulemera kwa masitepewo eni ake. Konkire imalemera pafupifupi makilogalamu 2,400 pa kiyubiki mita imodzi. Izi zikutanthauza kuti silabu yochindikala masentimita 15 imalemera makilogalamu 360 pa sikweya mita iliyonse. Popumirapo pa mamita 1.2 m'lifupi ndi mamita 2.4 m'litali pamaposa tani imodzi, munthu asanapondepo, ndipo pamenepo masitepe omwe amatsamira pa silabuyo sanawerengedwe.

Masamu a mainjiniya amafotokoza chifukwa chake kuchotsa mzati wapakati kuli koopsa kuposa momwe kumaonekera. Mtanda ukagona pa makoma awiri ndi mzati pakatikati, mzatiwo umasenza magawo 5 mwa magawo 8 a katundu yense, makoma awiriwo n'kugawana magawo atatu otsalawo. Mzati ukachoka, mpata womwe mtanda uyenera kudumpha umawirikiza kawiri, koma mphamvu yofuna kuupinda imawirikiza kanayi, ndipo kuwerama kwake kumawirikiza ka 16 kapena kuposa. Pa konkire pali vuto linanso. Konkire imapirira kupsinjidwa koma siichedwa kung'aluka ikakokedwa, n'chifukwa chake mkati mwake amaikamo zitsulo kumbali yomwe ikukokedwa. Pamwamba pa mzati, mbali yokokedwa ndi yakumwamba, ndipo zitsulo zambiri zimaikidwa kumeneko. Mzati ukachoka, malo omwewo amasanduka pakati pa mpata, kukokedwa n'kusamukira kunsi, komwe zitsulo n'zochepa. Silabu imakhala ikufunsidwa kugwira ntchito yomwe siidaumbidwire.

Kufufuza kwenikweni

Katswiri wodziwa ntchito yake amayamba ndi mutu wa mzati. Amabowola siling'i kapena kukanganula pulasitala kuti aone ndi maso chomwe chakhala pamwamba pake. Ngati pali mtanda, ngati mitanda iwiri yalumikizirana pamenepo, ngati thabwa lam'mbali mwa masitepe lidalowetsedwa m'mzatimo kapena kumangidwa ndi mabawuti, umenewo ndi umboni wakuti mzatiwo uli pantchito. Amaonanso komwe mitanda ya nsanjika yam'mwamba yaloza, ndi kutsatira umodziumodzi mpaka pomwe ukutsamira. Mtanda womwe wathera m'malere, kutali ndi khoma, uli ndi chomwe chikuugwira, ndipo chimenecho chiyenera kupezeka.

Akachoka pamenepo amapita kuphazi. Mzati womwe udamangidwira katundu umakhala ndi maziko akeake, kapena umaima pamwamba pa khoma, mtanda kapena mzati wina wa nsanjika yapansi. Mizati ikakhala pamzere umodzi kuchokera m'mwamba mpaka pansi, imeneyo ndi njira ya katundu yomwe womanga adaikonza dala. Nthawi zina kudziwa izi kumafuna kukumba kadzenje pambali pa mzati. Kwa mwini nyumba kumaoneka ngati kuwononga matailosi, koma mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi wa silabu yogwa.

Mapulani oyambirira a nyumba amathandiza akapezeka, koma amayenera kufananitsidwa ndi zomwe zili pamalopo. Pepala limanena zomwe zidakonzedwa, pomwe nyumba imanena zomwe zidamangidwa, ndipo ziwirizi sizigwirizana nthawi zonse. Pa konkire pali timakina tounikira tomwe timaonetsa malo, kuchuluka ndi kuya kwa zitsulo popanda kuswa. Pomwe timakinato palibe, katswiri amatsegula kachigawo kakang'ono mosamala kuti aone zitsulozo. Umboni wonsewu ukasonkhana ndi pomwe masamu amayamba: katundu ndi wochuluka bwanji, ndipo mzati utachoka adzadzera kuti.

Pali njira zina zomwe anthu amadalira koma n'zonyenga. Ena amagogoda mzati, ukamveka ngati wamphako amati ulibe ntchito. Komatu mzati wachitsulo kapena wathabwa utha kukhala mkati mwa bokosi la matabwa okongoletsa. Ena amayang'ana kukula kwake, nati kanthu kowonda chonchi sikangasenze kanthu, kuiwala kuti paipi yachitsulo yonenepa ngati mkono imatha kusenza matani angapo. Ena amati mzatiwu sudalipo poyamba, adachita kuwonjezera. Funso loyenera pamenepa n'lakuti adauwonjezera chifukwa chiyani, pakuti nthawi zambiri munthu amaika mzati ataona kuti masitepe ayamba kugwedera kapena kuwerama. Ndiponso mzati womwe udaikidwa ngati wokongoletsa utha kusanduka wosenza m'kupita kwa zaka, matabwa akawerama, chiswe chikadya nsonga za mitanda kapena dzimbiri likagwira zitsulo.

Chinyengo chachikulu pa zonse ndi mawu akuti tachotsa ndipo palibe chagwa. Nyumba siigwa nthawi zonse tsiku lomwe yavulazidwa. Katundu amayamba watsamira pa kakhoma kogawa zipinda, pa felemu ya chitseko, pa misomali yomwe siidaikidwire zimenezo. Konkire ndi matabwa zimawerama pang'onopang'ono kwa miyezi kapena zaka. Zizindikiro zimabwera mwakachetechete: chitseko chayamba kukanika, mng'alu wopendekera watuluka pangodya, matailosi akuthetheka, masitepe asiyana ndi khoma. Tsiku lakugwa limadzafika pomwe katundu wachuluka, pamaliro, paukwati kapena ponyamula katundu wolemera kukwera naye m'mwamba.

Izi sizikutanthauza kuti mzati wosenza katundu sungachotsedwe. Umachotsedwa, koma katundu wake amayamba wapatsidwa njira ina. Injiniya amawerengera kukula kwa mtanda watsopano, wachitsulo kapena wa konkire, ndi kuona ngati makoma ndi maziko omwe adzaulandire angakwanitse. Zochirikiza zimaikidwa kaye, zitaima pamalo olimba mpaka pansi penipeni, osati pa silabu yomwe nayo ikulendewera. Mtanda watsopano umalowa, umathinitsidwa mpaka utalandira katundu, ndipo mzati wakale umachoka pomalizira. Ku Bronx, Davenport ndi Suzhou ndondomekoyi idatembenuzidwa, kugumula kudatsogola.

Masitepe ndi njira yothawira

Pali chifukwa china chomwe mzati wa pansi pa masitepe uyenera kuopedwa mwapadera. Moto ukabuka, aliyense wam'mwamba amathamangira pamasitepe nthawi imodzi. Malamulo a zomangamanga a ku America amafuna kuti masitepe a nyumba ya banja limodzi athe kusenza pafupifupi makilogalamu 200 pa sikweya mita, pomwe a nyumba zolowa anthu ambiri ayenera kufika pafupifupi makilogalamu 490. Nyumba yogona ikasanduka sukulu, malo ogona alendo kapena tchalitchi, masitepe ake amalandira chikhamu chomwe sadamangidwire. Kuchotsanso mzati pansi pake n'kuchepetsa mphamvu panthawi yomwe ikufunika yochuluka.

Ngozi yaikulu yomwe dziko lapansi limakumbukira pankhani yosintha nyumba ikukhudzanso makwerero. Pa 29 Juni 1995, sitolo yaikulu ya Sampoong mumzinda wa Seoul ku South Korea idagwa m'masekondi ochepa, n'kupha anthu 502 ndi kuvulaza ena oposa 900. Nyumbayo siidakonzedwe ngati sitolo poyamba. Mwini wake, Lee Joon, adasintha maganizo ntchito ili mkati, ndipo kusinthako kudafuna kuchotsa mizati ina kuti palowe masitepe oyenda ndi magetsi. Kampani yomwe idayamba kumanga itakana, adaichotsa ndi kupitiriza ndi kampani yakeyake. Mizati yomwe idayenera kunenepa masentimita 80 idamangidwa ya masentimita 60, pamwamba padawonjezedwa nsanjika yachisanu, ndipo mizati ina ya pafupi ndi masitepewo idasemedwanso poika zotchinga moto. Makina olemera oziziritsa mpweya omwe adakokedwa padenga adamaliza kufooketsa silabu.

Sitoloyo idaima zaka zoposa zisanu, anthu masauzande akugulamo tsiku lililonse, ndipo kwa eni ake umenewo udali umboni wakuti omwe adakana aja adali amantha. Tsiku langoziyo ming'alu idaoneka m'mawa pansanjika yachisanu, koma akuluakulu sadatulutse makasitomala. Lee Joon adakakhala kundende zaka 7 ndi theka.

Chifukwa chiyani zikubwerezabwereza?

Chifukwa choyamba ndi ndalama. Mzati sulipira lendi, koma malo omwe waimapo atha kulipira. M'mizinda momwe sikweya mita iliyonse ili ndi mtengo, nsanjika ya pansi ndiyo imakopa amalonda, ndipo amalonda amafuna malo otakasuka ndi mawindo akuluakulu. Tsoka ilo, pansipo ndi pomwe katundu wa nyumba yonse amasonkhana. Ku Turkey, chivomerezi cha pa 6 Febuluwale 2023 chitapha anthu oposa 50,000, imodzi mwa nkhani zomwe zidamveka kwambiri m'mafukufuku ndi m'makhoti idali ya kudula mizati ya pansi pofuna kukuza mashopu.

Chachiwiri n'chakuti ntchito yokonza imaonedwa ngati yaing'ono. Womanga nyumba yatsopano amadziwa kuti akufunika pulani ndi chilolezo. Wochotsa mzati umodzi amaona ngati ndi ntchito ya Loweruka limodzi, yongofuna anyamata awiri ndi nyundo. Imachitikira mkati, kuseri kwa mpanda, komwe woyendera wa khonsolo saona.

Chachitatu n'chakuti wopanga chiganizo si amene amasenza ngozi. Mwini nyumba kapena wochita lendi amalamula ali patali. Pansi pa silabu pamakhala mmisiri ndi waganyu, pamwamba pake pali mabanja omwe sadafunsidwe. Waganyu yemwe akuona ufa wa simenti ukuyoyoka pamutu pake amadziwa kuti akadandaula, mawa pabwera wina.

Chachinayi ndi chomwe Bronx ndi Davenport zikuphunzitsa mowawa. Malangizo odziwika akuti itanani injiniya ndi oona, koma m'nyumba ziwirizi mainjiniya adalipo. New York ili ndi lamulo lokhwima lofuna kuti makoma akunja a nyumba iliyonse yoposa nsanjika 6 aziyenderedwa ndi katswiri zaka zisanu zilizonse, ndipo ntchito ya ku Bronx idali yotsatira lamulo lomwelo. Chomwe chidasowa ndi diso lachiwiri. Cholakwa chitalowa papepala, chidayenda kuchoka kwa wolemba mapulani kufika kwa wogwira nyundo popanda wochiimitsa. Mutu umodzi susenza denga, ngakhale mutuwo ukhale wophunzira chotani.

Maiko ena ayesa kutseka mipata imeneyi. Ku Brazil, nyumba ya nsanjika 20 yotchedwa Liberdade idagwa mu Januwale 2012 pakatikati pa mzinda wa Rio de Janeiro, ntchito yokonza zipinda zina ili mkati, ndipo idagwera nyumba zina ziwiri, anthu osachepera 17 n'kufa. Mu 2014 dzikolo lidakhazikitsa muyezo wa NBR 16280, womwe umafuna kuti ntchito yosintha nyumba yokhala anthu ambiri ikhale ndi ndondomeko yosainidwa ndi injiniya kapena katswiri wolemba mapulani, ndipo iperekedwe kwa woyang'anira nyumbayo ntchito isanayambe. Ku New York, khonsolo ya mzinda idakhazikitsa lamulo mu 2024 lolamula nthambi yoona za nyumba kuti iziyendera yokha nyumba zomwe zikuoneka kuti zili pachiopsezo, m'malo modikira madandaulo.

Pali omwe amati malamulo otere amangokweza mtengo, ndipo munthu wamba wofuna kukonza kanyumba kake sangakwanitse kulipira katswiri pa mzati uliwonse. Dandauloli lili ndi maziko, makamaka m'maiko momwe mainjiniya ndi ochepa ndipo ambiri ali m'mizinda ikuluikulu. Koma zolakwa ziwiri zomwe zingachitike pano sizilemera mofanana. Wosiya mzati womwe udalibe ntchito wataya kamalo ka kabati. Wochotsa mzati womwe udali pantchito atha kutaya nyumba, miyoyo ya anthu ndi ufulu wake. Yemwe sangakwanitse kulipira kafukufuku ali ndi njira yaulere, yomwe ndi kuusiya mzatiwo pomwe uli.

Kuno kwathu nkhaniyi si yachilendo

Anthu a mumzinda wa Blantyre amakumbukira mwezi wa Meyi 2011, pomwe nyumba ya lesitilanti ya Kips, pakatikati pa mzindawo, idagwa ntchito yoikonzanso ili mkati, anthu n'kufa ndipo ena n'kuvulala. Kuchokera nthawiyo nyumba zosanjikizana zachuluka ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi m'matauni ang'onoang'ono. Zambiri ndi za masitepe a konkire, ndipo zambiri zimasintha ntchito zikasintha eni ake kapena ochita lendi. Nyumba yogona imasanduka ofesi, galaja imasanduka shopu, pansi pa masitepe pamasanduka pogulitsira mayunitsi. Kusintha kulikonse kumabwera ndi chiyeso chochotsa chomwe chikutchinga.

Dziko lino lilinso m'chigwa chomwe chimagwedezeka. Chivomerezi cha ku Salima mu 1989 ndi cha ku Karonga mu Disembala 2009 zidagwetsa nyumba ndi kupha anthu. Nyumba yomwe idachotsedwa mzati itha kuima zaka zambiri nthaka ili phee, koma imakhala itadya kale mphamvu yomwe idasungidwira tsiku lotere.

Malamulo alipo. Makhonsolo ndiwo amavomereza mapulani, ndipo bungwe la Malawi Engineering Institution limalembetsa mainjiniya. Funso ndi lakuti kodi mphamvuzi zimafika mkati mwa nyumba yomwe idamangidwa kale. Phunziro la maiko ena likuloza ku zinthu zochepa zotheka. Makhonsolo atasunga bwino mapulani a nyumba zosanjikizana, wogula nyumba lero angathe kudziwa zomwe womanga adaika zaka 20 zapitazo. Mapangano a lendi atamanena poyera kuti wochita lendi sakhudza khoma, mtanda kapena mzati popanda chilolezo cholembedwa, nkhani ngati ya ku Harbin ingapewedwe. Pa nyumba zolowa anthu ambiri, chiganizo chochotsa mzati chiyenera kuonedwa ndi katswiri wachiwiri yemwe sadalembe nawo mapulaniwo. Ndipo mmisiri woona kuti zomwe zili pakhoma sizikugwirizana ndi zomwe zili papepala ayenera kukhala ndi mphamvu yoimitsa ntchito popanda kuopa kuchotsedwa.

Amisiri a dziko lino amadziwa kale mwambo umenewu pomanga. Akathira silabu, mapolo a bulugamu amakhala pansi pake masabata angapo, ndipo palibe amene amawagwetsa chifukwa chakuti akutchinga njira. Amadikira mpaka atatsimikiza kuti konkire yalimba. Mwambo womwewo ukufunika pogumula. Mzati uliwonse uyenera kutengedwa ngati wosenza katundu kufikira wina atatsegula pamwamba pake, kuona phazi lake ndi kusonyeza papepala komwe katunduyo adzadzere. Ku Bronx, ngodya ya nyumba idagwa masana pamsewu wodutsa anthu ndipo palibe adafa. Ku Davenport, Suzhou ndi Seoul mwayi umenewo sudalipo.